Kodi kuvomereza ukalamba n'kungokhala pansi kudikira imfa?

Funso

Ndili ndi zaka 69 ndipo ndinapuma pantchito zaka zinayi zapitazo. Chipumireni, zinthu zakhala zikundithawa chimodzichimodzi. Bondo lakumanja limandiwawa ndikamakwera masitepe, pagulu sindikumvanso bwino zimene anthu akulankhula moti ndinasiya kupitako, ndipo usiku sindiyendetsanso galimoto chifukwa magetsi amandithobwa m'maso. Anzanga awiri apamtima anamwalira chaka chatha. Ana anga amangoti, "Bambo, vomerezani, mwakula," ndipo anandigulira ndodo imene sindinaikhudze n'komwe. Akazi anga akuti masiku ano sindichedwa kupsa mtima. Kwa ine kuvomereza kuli ngati kukweza manja n'kumadikira imfa. Kodi ndikulakwitsa?

Yankho

Bambo, pa mfundo imodzi wolondola ndinu, osati ana anu, ndipo ndiyambira pamenepo chifukwa ndi pomwe pali chithandizo chapafupi. Mawu akuti "mwakula" amatseka nkhani isanayambe. Wa zaka 35 akadandaula kuti sakuona bwino usiku, aliyense amamuuza kuti apite akapimitse maso. Wa zaka 69 akanena zomwezo, amamuuza kuti azolowere. Ngakhale ife a zachipatala chizolowezi chimenechi tili nacho ndithu. Lipoti limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2021 linasonyeza kuti munthu mmodzi mwa awiri alionse ali ndi maganizo oderera okalamba. Choncho musanavomereze kalikonse, dziwani kaye chimene mukuvomerezacho. Zingapo mwa zimene mwatchulazi si zopirira ayi, n'zokapimitsa.

Tiyambe ndi maso. Kuthobwa ndi magetsi usiku kawirikawiri chimakhala chizindikiro choyamba cha ng'ala. Mkati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kamasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi. Kakayamba kuchita chifunga, kuwalako kumamwazikana, ndiye nyali za galimoto yobwera kutsogolo zimadzaza diso lonse. Padziko lonse ng'ala ndi imene imachititsa khungu anthu ambiri kuposa matenda ena a maso, koma ndi imodzinso mwa zochiritsika bwino kwambiri. Dokotala amachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikapo kena kopanga, opaleshoniyo nthawi zambiri sifika ola limodzi, ndipo munthu sapatsidwa n'komwe mankhwala ogonetsa tulo, amangochititsidwa dzanzi pa disopo. Wokupimani ndi amene angatsimikize ngati ili ng'ala. Pa ulendo womwewo adzaonanso ngati mulibe glaucoma, matenda amene amadya maso mwakachetechete kuyambira m'mbali, komanso ngati shuga sanayambe kuwononga mitsempha ya m'maso.

Za makutu, chinthu choyamba n'chochititsa manyazi kuchitchula chifukwa cha kuchepa kwake: phula. Achikulire ambiri amene amadziona ngati agontha amakhala kuti m'khutu mwangotsekeka, ndipo akawatsuka amamva tsiku lomwelo. Ngati si phula, ndiye kuti mwina n'kuchepa kwa kumva kobwera ndi zaka. Timaselo ta mkati mwenimweni mwa khutu timene timagwira mawu ang'onoang'ono okwera timatha pang'onopang'ono, ndipo tikatha sitimeranso. N'chifukwa chake mumamva kuti anthu akulankhula koma simukuzindikira zimene akunena, makamaka pamene ambiri akulankhulira pamodzi. Zipangizo zothandiza kumva sizibweza khutu la paunyamata, komabe zimabweza munthu pakati pa anzake. Ndikuiika nkhaniyi patsogolo chifukwa akatswiri amene magazini ya zachipatala ya Lancet inawasonkhanitsa ananena mu 2020, n'kubwerezanso mu 2024, kuti kusamva bwino ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zopeweka zimene zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala. Mu lipoti la 2024 anawerenga zinthu 14 zoterezi, ndipo anati zonse pamodzi zikukhudza pafupifupi 45 peresenti ya odwala matendawa. Munthu amene sakumva amasiya kucheza, ndipo ubongo umene sukucheza umasowa ntchito. Inu mwanena nokha kuti munasiya kupita pagulu.

Bondo nalo lili ndi nkhani yake. Ngati ndi nyamakazi ya m'mfundo, imene ndi yofala kwambiri pa msinkhu wanu, kanyama kosalala kamene kamakuta nsonga za mafupa kamakhala kataperepeseka, ndipo sikabwereranso. Koma ululu sudalira kanyamako kokha. Umadaliranso kwambiri mphamvu ya minofu ya ntchafu, imene imagwira bondo kuti lisamagwedere, komanso kulemera kwa thupi. Kilogalamu imodzi imene munthu wonenepa wataya imachepetsa katundu wa pabondo ndi makilogalamu pafupifupi anayi nthawi iliyonse imene waponda pansi poyenda. Ambiri bondo likayamba kuwawa amalipumitsa, minofu imafooka, ululu n'kuwonjezeka, iwo n'kupumanso kwambiri. Mankhwala oyamba a nyamakazi yotereyi ndi kuyendetsa mfundoyo ndi kulimbitsa minofu. Mapiritsi monga ibuprofen ndi diclofenac amathandiza kwa masiku ochepa, koma kuwamwa tsiku ndi tsiku pa zaka 69 kungawononge impso, kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Musawasandutse chizolowezi dokotala asakudziwa.

Mwina mukuganiza kuti kulimbitsa minofu pa msinkhu uno n'kuchedwa. Mu 1990 Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anatenga okalamba khumi ofooka kwambiri, a zaka pafupifupi 90, amene ankakhala kunyumba yosungirako okalamba, n'kuwachititsa masewera onyamula zolemera ndi miyendo kwa milungu isanu ndi itatu. Asanu ndi anayi amene anamaliza, mphamvu ya miyendo yawo inawonjezeka ndi 174 peresenti tikatenga pakatikati. Anthuwo anali ochepa, n'zoona, koma kafukufuku wambiri wobwera pambuyo pake wasonyeza zomwezo. Minofu imachepa ndi zaka, kuyambira munthu akangodutsa zaka 30, ndipo imathamanga kutha akapitirira 60, koma sisiya kuyankha ikapatsidwa ntchito. WHO imalangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri, ndipo masiku atatu azichita zothandiza kuti asamadzandire. Kudzuka pampando n'kukhalanso maulendo angapo osagwirira ndi manja ndi chiyambi chabwino cha ntchafu.

Kupsa mtima kumene mayi akudandaula nako musakutaye. Mwa abambo, matenda ovutika maganizo nthawi zambiri sabwera ndi misozi. Amabwera ndi ukali, kudzipatula, kudzuka pakati pa usiku osagonanso, kusafuna kudya, ndi kusakondwanso ndi zimene kale zinkakoma. Zikapitirira milungu iwiri zili choncho tsiku lililonse, amenewo ndi matenda, ndipo amachizika pa msinkhu uliwonse, kaya ndi uphungu kaya ndi mankhwala. Ululu wosatha, kusamva, vuto la chithokomiro, mowa ndi mankhwala ena amene munthu akumwa zingathenso kusintha khalidwe lake. Mwatchula imfa m'funso lanu. Ngati ndi kalankhulidwe chabe, chabwino. Koma ngati pali masiku amene mumaganiza kuti bola mutangofa, kapena zodzivulaza, uzani mayi ndipo muonane ndi dokotala tsiku lomwelo.

Tsopano tibwere kumene ana anu akulondola, ngakhale kuti akukunena molakwika. Mutachita zonsezi, simudzakhalanso wa zaka 45. Khutu silidzabwerera mwakale. Bondo lidzakhalabe likukukumbutsani za masitepe. Anzanu awiri aja sabweranso, ndipo kuntchito kuja pampando panu pakhala wina amene mwina dzina lanu salidziwa. Izi sizisintha ngakhale mutazikana ndi mtima wonse. Kukana kumangowonjezera mtengo wake.

Onani mmene kukanako kukukudyerani. Simufuna kuoneka wogontha, ndiye simupempha anthu kuti abwereze, ndiye munasiya kupita pagulu. Simufuna kuoneka ndi ndodo, ndiye mumayenda pang'ono, ndiye mwendo ukufooka. Pofuna kuteteza munthu amene munali kale, mukupanikiza munthu amene alipo lero. Ndimaziona kawirikawiri mwa abambo amene anali olimba ndi olemekezeka pantchito: amene amaumirira kwambiri kuti palibe chasintha ndi amene moyo wawo umachepa msanga, mpaka kutsala mpando umodzi ndi wailesi. Amene akudikira imfa kwenikweni ndi ameneyo, osati uja watenga ndodo n'kutuluka panja.

WHO itafotokoza mu 2015 tanthauzo la kukalamba ndi thanzi, sinanene kuti ndi kukhala wopanda matenda. Ikanatero, pafupifupi aliyense wopitirira zaka 70 akanalephera. Inati ndi kukulitsa ndi kusunga kuthekera kochita zinthu zimene munthu amaziona kuti n'zofunika kwa iye, ndipo kuthekera kumeneko kumachokera ku zinthu ziwiri: mphamvu zimene thupi ndi maganizo zatsala nazo, ndi zimene zamuzungulira munthuyo. Magalasi, ndodo, chogwirira cha m'bafa, nyali yowala pamasitepe, munthu wokuyendetsani usiku, zonsezi zili mbali yachiwiriyo. Anthu awiri akhoza kukhala ndi bondo lofanana, wina n'kumafika kulikonse kumene akufuna, wina n'kukhala wotsekeredwa m'nyumba. Kusiyana kwawo sikuli m'bondo.

Akatswiri a maganizo a ku Germany, Paul Baltes ndi Margret Baltes, anafotokoza mu 1990 njira imene okalamba ochita bwino amatsata, ndipo Paul Baltes ankakonda kupereka chitsanzo cha Arthur Rubinstein, woimba piyano wotchuka wobadwira ku Poland amene anaimbabe pamaso pa anthu mpaka ali ndi zaka 89. Atafunsidwa ali ndi zaka za m'ma 80 kuti amatha bwanji, anafotokoza zinthu zitatu. Anachepetsa chiwerengero cha nyimbo zimene ankaimba. Zochepazo ankaziyeserera kwambiri kuposa kale. Ndipo poti zala sizinkathamanganso ngati kale, ankachedwetsa dala mbali ya nyimbo imene ili patsogolo pa mbali yothamanga, kuti yothamangayo ikafika imveke yaliwiro m'makutu a omvera. Munthuyu anavomereza kuti zala zake zasintha. Akanakana, akanaumirira nyimbo zonse pa liwiro lakale n'kudzichititsa manyazi, kapena akanasiyiratu piyano. Anasiya njira yakale, cholinga n'kuchisunga.

Pamenepa ndi pomwe pali yankho langa kwa inu. Pa chilichonse chimene chakuthawani, dzifunseni kuti chinkakupatsani chiyani. Kuyendetsa galimoto usiku sichinali cholinga. Cholinga chinali kufika kumene mukufuna, nthawi imene mukufuna, osapempha munthu. Mbali yaikulu ya ufulu umenewo ingasungike posuntha maulendo anu kuti azikhala masana, ndipo yotsalayo mwina ibwerera maso akakonzedwa. Kufikira nthawi imeneyo, kusiya kuyendetsa usiku munachita bwino, ndipo kumeneko kunali kuvomereza kale, ngakhale simunakutche choncho. Kukhala pagulu lalikulu sichinalinso cholinga. Munkafuna kucheza, kumva nkhani, kufunsidwa maganizo. Zimenezi zimatheka ndi anthu awiri kapena atatu pamalo opanda phokoso, mutakhala moyang'anana ndi wolankhula, kuwala kuli pankhope pake. Ndipo kungonena poyera kuti, "Khutu langali silikumva bwino, lankhulani mondiyang'ana," kumachotsa theka la vutolo, chifukwa anthu amasiya kukuyesani wonyada kapena wosokonezeka.

Ndodo ija itengeni, koma muigwiritse ntchito moyenera, chifukwa ambiri amailakwitsa. Imagwiridwa ndi dzanja la mbali imene sikuwawa, ndiye kwa inu ndi lamanzere, ndipo imapita patsogolo limodzi ndi mwendo wowawawo. Kutalika kwake, chogwirira chizifika pamfundo ya dzanja mukaimirira manja ali pansi. Pokwera masitepe tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wowawa pamodzi ndi ndodo. Sikuti muziyenda nayo paliponse. Ikhoza kukhala ya maulendo aatali ndi malo osalinganika okha, ndipo ntchafu ikalimba mwina mudzaifuna mocheperapo. Koma dziwani kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 65 amagwa chaka chilichonse, ndipo kuthyoka kwa fupa la m'chiuno ndi kumene kumalanda okalamba ambiri ufulu wawo tsiku limodzi. Ndodo ndi yopepuka kuposa zimenezo.

Pali mbali ina imene ana anu sakuiona akamangoti vomerezani. Carsten Wrosch wa pa yunivesite ya Concordia ku Montreal wafufuza kwa zaka zambiri zimene zimachitika munthu akasiya cholinga chimene sichingathekenso. Anapeza kuti kutha kusiya kumateteza munthu ku kuvutika maganizo, koma kwa okalamba phindulo limaoneka makamaka pamene pali china chatsopano chimene agwira. Wosiya chakale popanda chatsopano zinthu sizimuyendera bwino. Ndiye mantha anu ali ndi maziko. Kuuza munthu kuti asiye, osamuthandiza kupeza chogwira, n'kumusiya m'malere.

Izi zikukhudza kwambiri kupuma pantchito. Ntchito inkakupatsani zinthu zingapo nthawi imodzi, moti simunkazisiyanitsa: chifukwa chodzukira m'mawa, anthu olankhula nawo popanda kuwafunafuna, ndi kudziwa kuti pali amene akudalira nzeru zanu. Zonsezi zinatha tsiku limodzi, ndipo sizibwerera pamodzi. Chilichonse chimafunika kuchifunafuna pachokha. Mwa zitatuzi, chimene abambo ambiri amachisowa kwambiri ndi chomalizacho, ngakhale kuti sachitchula. Apa zaka zili kumbali yanu. Liwiro la ubongo pogwira zatsopano limatsika ndi msinkhu, koma chidziwitso chimene munthu wasonkhanitsa, mawu amene amadziwa ndi luso loweruza nkhani zovuta za anthu zimakhalabe mpaka ukalamba weniweni. Pali achinyamata a ntchito yanu yomweyo amene akulakwitsa zinthu zimene inu mungazione ndi diso limodzi. Pezani njira yoti azikufikirani. Ndingokuchenjezani chimodzi, poti ndi msampha wa ambiri: malangizo amene munthu sanapemphe salandiridwa, makamaka ndi ana ake.

Mmene mumaganizira za ukalamba wanu nazonso zili ndi mphamvu pa thupi. Becca Levy wa pa yunivesite ya Yale anasindikiza mu 2002 zotsatira za anthu 660 a zaka 50 kupita m'tsogolo a ku Ohio, amene anatsatiridwa kwa zaka mpaka 23. Amene ankaona kukalamba kwawo ndi diso labwino anakhala ndi moyo zaka 7 ndi theka kuposa amene ankakuona ngati kutha ntchito, ngakhale atawerengera kusiyana kwa thanzi, chuma ndi kusungulumwa. Musazimve ngati matsenga, kapena ngati kuti odwala anadzichititsa okha ndi maganizo oipa. Kafukufuku wotere amasonyeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, satsimikiza kuti china ndicho chimabala chinzake. Koma njira yake ndi yosavuta kuiona. Munthu amene amakhulupirira kuti ukalamba ndi kuwola basi sapita kukapimitsa maso, samwa mankhwala ake mokhulupirika, salimbitsa miyendo, chifukwa amati n'zachabe. Ndipo chodabwitsa n'chakuti inu ndi ana anu muli ndi chikhulupiriro chimodzi chomwechi. Iwo akuti mwakula, palibe chochita. Inu mukuti ndikavomera kuti ndakula, ndiye kuti palibe chochita. Nonse mwagwirizana kuti ukalamba ndi mathero, mwangosiyana poti iwo akuti mwafika, inu mukuti simunafike.

Za anzanu awiri aja, pepani kwambiri. Apa palibe njira ina yopezera cholinga chomwecho, chifukwa munthu amene munakula naye, amene amadziwa nkhani zanu za zaka 40 zapitazo popanda kumufotokozera, alibe wolowa m'malo. Musalole wina kukuuzani kuti chisoni chili ndi masitepe asanu amene muyenera kukwera motsatana mpaka kufika pa kuvomereza. Dokotala wa matenda a maganizo Elisabeth Kübler-Ross anafotokoza masitepewo mu 1969 kuchokera kwa odwala amene iwo eni anali pafupi kumwalira, ndipo kafukufuku wa oferedwa sanapeze kuti anthu amadutsamo mwa ndondomeko yotero. George Bonanno wa pa yunivesite ya Columbia anapeza kuti oferedwa ambiri amapitiriza moyo wawo chisoni chikubwera n'kumapita, tsiku lina kuseka, tsiku lina kulemedwa. Kuvomereza imfa ya mnzanu si kusiya kumusowa. Chodetsa nkhawa ndi pamene miyezi yambiri yadutsa, chaka chikukwana, munthu akulepherabe kuchita za tsiku ndi tsiku chifukwa cha chisonicho. Pamenepo pamafunika mlangizi.

Imfa ziwirizi zakupwetekani kwambiri pa chifukwa chinanso. Laura Carstensen wa pa yunivesite ya Stanford anasonyeza kuti anthu akamakula, n'kumaona kuti nthawi yatsala yochepa, amachepetsa dala anzawo ongodziwana nawo n'kutsala ndi ochepa apamtima. Zimenezi n'zanzeru, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene okalamba ambiri amakhala odekha mumtima kuposa achinyamata, zomwe kafukufuku wake anapezanso. Koma gulu likakhala laling'ono, ndipo onse ndi amsinkhu umodzi, kuchoka kwa awiri kumasiya mpata waukulu. Ndiye pa zaka 69 munthu amafunika kuchita chinthu chimene mtima sukufuna: kupanga ubwenzi watsopano, ndipo ena mwa anzakewo akhale ocheperapo zaka khumi kapena makumi awiri. Sadzakhala ngati aja. Kafukufuku wa ku Harvard amene anayamba mu 1938, n'kutsatira amuna mazana angapo moyo wawo wonse, anapeza kuti kukhutira ndi maubale pa zaka 50 kunkalosera bwino thanzi la munthu pa zaka 80. Kucheza si chinthu chongotayira nthawi, n'chimodzi mwa zosamalira thupi.

Ana anu alankhuleni. Mawu awo ndi olakwika koma gwero lake ndi mantha: akuopa foni yowauza kuti bambo agwa kapena achita ngozi. Mwana wamantha amayamba kulamula, ndipo bambo akamakana chilichonse, iye amawonjezera kulamulako, mpaka amayamba kupangana zinthu kumbali inu osadziwa. Njira yosungira ulamuliro wanu ndi kuwatsogolera. Auzeni nokha zimene zasintha, zimene mwaganiza kuchita, ndi thandizo lenileni limene mukufuna, lotchulika: wina akuperekezeni kokapimitsa maso, wina azikutengani pakakhala ulendo wausiku. Auzeninso zimene simukufuna kuti azikuchitirani. Kuchitira wokalamba chilichonse kumamufoola msanga, chifukwa chimene thupi lasiya kuchita limachiiwala.

Pa chifukwa chomwecho, ino ndi nthawi yabwino yokonza zinthu zimene ambiri amaziopa kuzitchula. Lembani wilo. Nenani momveka amene adzakulankhulireni kuchipatala ngati tsiku lina simudzatha kulankhula nokha, ndi chithandizo chimene mungafune kapena kukana. Ikani zikalata zofunika pamalo amodzi amene mayi akuwadziwa. Anthu amaona ngati kuchita izi n'kuitana imfa, koma zimachitidwa bwino munthu ali wamphamvu, mutu uli bwinobwino, ndipo wozichita ndi amene mawu ake amadzamvekabe pa nthawi imene ena akanamusankhira. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Musayembekezere kuti tsiku lina mudzadzuka mutavomereza zonse. Zimabwera pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo padzakhala masiku amene mudzakwiya poona wachinyamata akukwera masitepe awiriawiri. Mkwiyo umenewo si kulephera. Komanso sikuti kusintha kulikonse kuyenera kulandiridwa mofatsa. Kuonda popanda chifukwa, kutuluka magazi kulikonse kosadziwika bwino, kupuma movutikira, kupweteka pachifuwa, kuvutika pokodza, kusokonezeka mutu kobwera m'masiku ochepa, kapena kuiwala kumene kukulepheretsani zinthu zimene munkachita mosavuta, zonsezi si ukalamba. Kufooka mwadzidzidzi kwa mbali imodzi ya thupi, kupindika kwa pakamwa kapena kulephera kulankhula ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo zimafuna chipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Mukati muyambe, yambani ndi maso ndi makutu mwezi uno, chifukwa ndi kumene kusintha kungaoneke msanga, ndipo munthu amene akuona ndi kumva bwino amapeza mphamvu zochitira zinazo. Popita kwa dokotala tengani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha ndi azitsamba, chifukwa ena amachititsa chizungulire kapena kulimbana okhaokha. Mupemphe akuyezeni kuthamanga kwa magazi mutakhala komanso mutaimirira, shuga, ndi chithokomiro, ndipo mutchule nokha za kupsa mtima ndi kagonedwe kanu, musadikire kufunsidwa. Mayi mupite nawo. Iwo ndi amene aona zambiri zimene zasintha mwa inu m'zaka zinayizi, ndipo zina mwa izo dokotala sangazimve kuchokera kwa inu.